KODI MKHRISTU AZIYENDA NDI MFUTI YOBISA?

Nkhani yokambidwa kwa atsogoleri a miphakati a mu mzinda wa Blantyre, Limbe ndi madera ozungulira

 

Nkhani imene tabwera nayo lero ndi ya mfuti. Sitikunena za mfuti imene msilikali kapena wapolisi amanyamula poyera pamene ali pa ntchito. Tikunena za kamfuti kakang'ono kaja kotchedwa pisitoli, kamene munthu wamba akhoza kukabisa m'chiuno, mkati mwa jekete, m'chikwama kapena m'galimoto, nkumayenda nako ku ntchito, ku msika, ku ukwati, ku maliro, mwinanso ku tchalitchi, popanda wina wodziwa. Funso lathu ndi ili: kodi nkoyenera kuti mkhristu aziyenda ndi chida chotere? Nanga akafika pa khomo la nyumba ya Mulungu achite nacho chiyani?

1. MANTHA AMENE ALI PAKATI PATHU

Tiyambe ndi kuvomereza kuti mantha a anthu ndi oona. Amene amagulitsa katundu m'masitolo a ku Limbe amadziwa mmene mtima umagundira madzulo ponyamula ndalama za tsikulo. Amene amatuluka m'banki mu Victoria Avenue amacheuka kawiri katatu asanakwere galimoto. Anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Mbayani, Zingwangwa, Chirimba ndi Machinjiri amadziwa phokoso la chitsulo chothyolera chitseko pakati pa usiku. Ku Namiwawa, Nyambadwe, Sunnyside ndi Mpingwe mipanda yatalika mpaka kubisa nyumba, ndipo pamwamba pake pali waya wa magetsi. Ngakhale matchalitchi akuba sawaopa. Kwina amaba zokuzira mawu, kwina chopereka cha Lamulungu, kwina amamanga mlonda ndi kulowa m'nyumba ya ansembe.

Munthu amene anaonapo zotere, kapena amene anaika m'manda mbale wake wophedwa ndi achifwamba, akanena kuti akufuna mfuti, tisamuseke ndipo tisamuweruze. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma popeza nkhaniyi ikukhudza moyo wathu ndi wa anzathu, tiyenera kuiganizira mofatsa, kuti mantha asatisankhire njira.

2. KODI MFUTIZI ZINACHOKERA KUTI?

Makolo athu ankadziwa mfuti ya gogodela yosakira nyama ndi kupirikitsira nguluwe m'munda. Koma mfuti za nkhondo zinafika m'manja mwa anthu wamba m'dziko muno kudzera makamaka m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977 ndi kutha mu 1992. Dziko lathu linalandira anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo m'maboma a m'malire monga Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Nkhondo inatha, koma mfuti zinatsala, zina zitakwiriridwa m'tchire, zina zili m'manja mwa anyamata osowa ntchito. Malire athu ndi Mozambique ndi aatali ndipo ali ndi tinjira tambiri tachidule. Mfuti za AK-47 zinkadutsa m'tinjira timeneti ndi kugulitsidwa motchipa.

Njira yachiwiri ndi ya kwathu konkuno. Gulu la apayoniya, limene linakhazikitsidwa mu 1963, linasanduka pang'ono ndi pang'ono gulu lonyamula zida. Pa 1 Disembala 1993 apayoniya anawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu. Pa 3 Disembala asilikali a boma anayamba kulanda zida za apayoniya m'dziko lonse, pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani. Apayoniya pafupifupi 2,000 anathawira ku Mozambique, ena atanyamula zida zawo. M'zaka zotsatira, pamene tinkasangalala ndi ufulu wa zipani zambiri, m'mizinda mwathu munachuluka umbava wa mfuti umene kale sitinkaudziwa.

Palinso njira yachitatu imene anthu sakonda kuitchula. Zina mwa mfuti zimene achifwamba amagwiritsa ntchito zinagulidwa mololedwa ndi anthu abwinobwino, kenaka zinabedwa kapena kusochera. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri amapita kukagwira ntchito, mfuti zikwi zingapo za anthu okhala ndi ziphaso zimabedwa kapena kusowa chaka ndi chaka. Mfuti sili ngati ndiwo zimene zimasasa mawa. Imakhala zaka makumi ambiri ikugwirabe ntchito, ndipo woigula poyamba kawirikawiri sakhala womaliza kuigwira.

Atsogoleri a maiko a kum'mwera kwa Africa anaona vutoli. Pa 14 Ogasiti 2001, mu mzinda wathu uno wa Blantyre, maiko a m'bungwe la SADC anasaina pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo. Mwa zina anagwirizana kuti mfuti za anthu wamba zizilembedwa m'kaundula, kuti zosaloledwa zizilandidwa ndi kuwonongedwa, ndiponso kuti apolisi a maiko oyandikana azithandizana. Tisaiwale kuti pangano limeneli linabadwira pakhomo pathu.

3. KODI LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Ena amaonera mafilimu a ku America nkumaganiza kuti demokalase ndiye kuti aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi mfuti. Nzoona kuti malamulo aakulu a dziko la United States, kuyambira mu 1791, amatchula ufulu wosunga ndi kunyamula zida. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, amene tinawalandira mu 1994, alibe ndime yotere. Ndime 16 imanena za ufulu wa munthu aliyense wokhala ndi moyo. Ndime 38 imatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero, koma imanenetsa kuti tichite zimenezi mwamtendere ndiponso opanda zida. Udindo woteteza anthu ndi katundu wawo malamulo aakuluwa anaupereka kwa apolisi.

Nkhani za mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo lotchedwa Firearms Act, la mu 1967. Mwachidule tikumbukire mfundo izi:

Munthu wamba saloledwa kugula kapena kusunga mfuti ndi zipolopolo popanda chilolezo chochokera ku polisi, kumene kuli mkulu wosunga kaundula wa mfuti.

Chiphaso cha mfuti si cha muyaya. Chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo boma likhoza kuchikana kapena kuchilanda.

Chiphaso ndi cha munthu mmodzi ndi mfuti yake. Sichiyendera magazi. Bambo akamwalira, mfuti yake sigawidwa ngati njinga kapena wailesi. Achibale ayenera kukadziwitsa apolisi.

Mfuti za nkhondo, monga AK-47, si za munthu wamba.

Kupezeka ndi mfuti yopanda chiphaso ndi mlandu wopita nawo ku ndende, ngakhale munthuyo sanawombere aliyense.

Tiwonjeze mfundo ina yofunika. Chiphaso chimalola munthu kukhala ndi mfuti, koma sichimulola kupha. Amene wawombera mnzake amakayankha ku khoti. Woweruza amafunsa ngati moyo wake unalidi pa chiswe, ngati panalibe njira ina yodzipulumutsira, ndiponso ngati mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsacho. Kuwombera mnyamata amene watsomphola foni ndipo akuthawa si kudziteteza ayi. Kusolola mfuti chifukwa chakuti woyendetsa minibasi wakudulirani kutsogolo pa Ginnery Corner ndi mlandu woopseza anthu. Munthu akhoza kutuluka m'nyumba m'mawa ali bambo wolemekezeka, madzulo nkukagona ku Chichiri.

4. KODI MFUTI IMATETEZA MWINI WAKE?

Woyenda ndi mfuti yobisa amati, tsiku la tsoka ndidzadziteteza. Zikhoza kuchitika, ndipo kwina zinachitikapo. Koma tiyeni tiike pa sikelo zinthu izi.

Choyamba, wachifwamba ndiye amasankha tsiku, malo ndi nthawi. Amabwera atakonzeka, ali ndi anzake, chida chili kale m'manja. Inu mumakhala mukutsegula geti, mukuwerenga chenje, kapena mwanyamula mwana. Achifwamba akaona dzanja lanu likupita m'chiuno sadikira kufunsa. Umbava umene ukanathera pa kutaya ndalama umathera pa maliro.

Chachiwiri, mfuti ndi katundu amene akuba amamufuna kuposa wailesi ya kanema. Chinsinsi sichikhalitsa m'tauni. Wantchito waona, mwana wauza anzake ku sukulu, mwini wake wadzitama ku mowa. Nyumba imene yamveka kuti muli mfuti imaitana alendo oipa.

Chachitatu, masiku ambiri a moyo wathu sitikumana ndi achifwamba. Timakumana ndi akazi athu, amuna athu, ana athu, anansi athu ndi angongole athu. M'banja mumakhala mikangano, nsanje, mowa ndi kutaya mtima. Mu 1993 dokotala wina wa ku America, Arthur Kellermann, pamodzi ndi anzake, anafalitsa zimene anapeza atafufuza za anthu ophedwa m'nyumba zawo m'madera atatu a dzikolo. Anapeza kuti m'nyumba mokhala mfuti, mpata woti wina aphedwe unali wochuluka pafupifupi katatu kuyerekeza ndi m'nyumba mopanda mfuti, ndipo wakuphayo kawirikawiri anali wachibale kapena mnzake wa wophedwayo. M'dziko lomwelo, mwa anthu onse amene amafa ndi mfuti chaka ndi chaka, oposa theka amakhala odzipha okha. Ife kuno tikudziwa mmene ngongole, kutha kwa ntchito ndi mavuto a m'banja zikupangitsira ena, makamaka abambo, kuchotsa moyo wawo. Munthu wofuna kudzimangirira akhoza kupezeka ndi kulanditsidwa. Womwa mankhwala akhoza kuthamangitsidwa naye ku Gulupu. Mfuti sipereka mpata woterewu.

Chachinayi, mantha amasocheretsa maso. Ambiri tinamva za Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa ku South Africa. Usiku wa pa 14 Febuluwale 2013 anawombera kanayi pa chitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria, ndi kupha bwenzi lake, Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankayesa wakuba. Mfutiyo inali ya chiphaso. Mu 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Ngakhale titakhulupirira mawu ake, phunziro ndi lomwelo: madzi akatayika saoleka. Ndi angati mwa ife amene ana awo amabwera usiku nkulowera pa zenera poopa kudzutsa makolo?

Chachisanu, chipolopolo sichidziwa wolakwa. Taganizirani msika wa Limbe masana, kapena pokwerera maminibasi pa Mibawa nthawi yoweruka. Mukawombera pamalo otere, kumbuyo kwa wakubayo kuli mayi wogulitsa tomato ndi mwana kumsana. M'makwalala a ku Ndirande kapena ku Mbayani nyumba ndi zogundana, zina za zidina, zina zotchinga ndi malata. Chipolopolo chimabowola khoma nkukapeza munthu ali mtulo.

Chachisanu ndi chimodzi, mfuti imasintha mtima wa woinyamula. Munthu wopanda chida akatukwanidwa amapirira kapena kuchokapo. Amene ali ndi kanthu m'chiuno amayamba kuyenda m'njira zimene kale ankazipewa, ndi kuyankha mawu amene kale ankawameza. Aliyense womuyandikira amamuyang'ana ndi diso lokayika. Amati wagula mtendere, koma tsiku lonse maganizo ake amakhala pa chitsulocho.

5. ZIMENE MPINGO UMAPHUNZITSA

Mpingo sunena kuti kudziteteza ndi tchimo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene anatuluka mu 1992, pa ndime 2263 mpaka 2265, amafotokoza kuti munthu ali ndi ufulu wotchinjiriza moyo wake, ndipo amene ali ndi udindo wosamala miyoyo ya ena ali ndi ntchito yaikulu yowateteza. Koma chiphunzitsocho chili ndi malire. Cholinga chikhale kupulumutsa moyo, osati kubwezera, ndipo mphamvu isapitirire muyeso. Ponena za kugwiritsa ntchito zida, Katekisimu amaloza kwa iwo amene apatsidwa ulamuliro mwalamulo kuti ateteze anthu onse. Pa ndime 2316 akutinso boma lili ndi ufulu ndi udindo woika malire pa kapangidwe ndi kagulitsidwe ka zida.

Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, limateteza moyo wa munthu aliyense, ngakhale wa wakuba. Pano tidzifunse tokha. M'madera mwathu tamvapo za anthu oganiziridwa kuba amene anamenyedwa kapena kutenthedwa ndi gulu, ena mwa iwo osalakwa. Ngati tikutha kuchita zotere ndi miyala ndi matayala, kodi tingadzachite zotani aliyense atakhala ndi pisitoli m'thumba?

Tikumbukirenso zimene zinachitika m'munda muja usiku umene Ambuye Yesu anagwidwa. Petro anali ndi lupanga, ndipo analisolola pofuna kuteteza munthu wosalakwa kuposa wina aliyense. Anadula khutu la wantchito wa mkulu wa ansembe. Ambuye anamulamula kuti alibweze, ndipo anachiza wovulalayo. Mukawerenge nokha pa Mateyo 26, Luka 22 ndi Yohane 18.

6. MFUTI M'NYUMBA YA MULUNGU

Tsono tifike pa khomo la tchalitchi. Ena amafunsa kuti, bwanji achiwembu atalowa pakati pa Misa? Funsoli si lopusa. Pa 24 Malichi 1980 Arkiepiskopi Oscar Romero anawomberedwa akuchita Misa ku El Salvador. Pa 17 Juni 2015 anthu 9 anaphedwa akuphunzira Baibulo m'tchalitchi cha Emanuel ku Charleston, ku America. Pa 5 Novembala 2017 anthu 26 anaphedwa m'tchalitchi cha Baptist ku Sutherland Springs, ku Texas. Pa 5 Juni 2022, tsiku la Pentekoste, anthu pafupifupi 40 anaphedwa m'tchalitchi cha Katolika ku Owo, ku Nigeria.

Tinene chilungamo chonse. Pali nthawi zina pamene munthu wokhala ndi mfuti m'tchalitchi anachepetsa imfa. Pa 25 Julayi 1993 anthu a zida analowa m'tchalitchi cha St James ku Cape Town ndi kupha anthu 11. Mmodzi mwa opemphera, Charl van Wyk, anabweza moto ndi mfuti yake, ndipo achiwembuwo anathawa. Pa 29 Disembala 2019 ku White Settlement, ku Texas, munthu anapha anthu awiri m'tchalitchi, ndipo iye anawomberedwa nthawi yomweyo. Koma tionetsetse: amene anamuwomberayo anali mkulu wa gulu la alonda losankhidwa ndi mpingowo, ndiponso mphunzitsi wa kagwiritsidwe ntchito ka mfuti. Sanali munthu wongobisa chida mwa yekha.

Mbali inayo nayonso ilipo. Mu Novembala 2017, ku Tellico Plains m'chigawo cha Tennessee, akhristu ena achikulire anali kucheza ku tchalitchi za kuphedwa kwa anthu m'matchalitchi. Bambo wina anatulutsa mfuti yake kuti aonetse anzake kuti iye ndi wokonzeka. Mfutiyo inalira mwangozi, nivulaza iye mwini ndi mkazi wake.

Ife tiyang'ane matchalitchi athu mmene alili. Ku Limbe Cathedral, ku CI, ku St Pius, ku Ndirande, ku St Michael and All Angels ndi kwina konse, Lamulungu anthu amadzaza mpaka pakhomo. Timakhala mothithikana pa benchi. Timagwada, kuimirira, kuvina popereka mphatso. Ana amakwawa pansi pa mabenchi ndi kupisa m'zikwama za amayi awo. Pamalo otere ngozi imodzi yokha ndi yokwanira, ndipo ngakhale chipolopolo chitapanda kugunda munthu, anthu pothawa akhoza kupondana pakhomo. Vuto limene matchalitchi athu amakumana nalo kawirikawiri ndi la kuba, ndipo kuba kuli ndi mankhwala ena.

Palinso chifukwa chozama. Tchalitchi ndi malo amene anthu odana amakhala pa benchi imodzi. Muli wangongole ndi mwini ndalama, a chipani ichi ndi a chipani icho, olimbirana malire a puloti, banja limene lagona osalankhulana. Tonse timavomera machimo athu, timapatsana moni wa mtendere, ndi kulandira Ukaristia pa guwa limodzi. Kodi tingapereke bwanji dzanja la mtendere kwa mnzathu pamene dzanja lomwelo lakonzekera kusolola chida? Nanga mnzathuyo atadziwa, angatseke maso ndi kupemphera momasuka? Kubisako kukusonyeza kuti mwini wake akudziwa kuti anzake sangakondwere. Iye wasankha yekha chinthu chimene ngozi yake igwera mpingo wonse, popanda kuufunsa.

Akhristu akale ankadziwa zimenezi. Ku Sweden ndi ku Denmark, kachipinda ka pakhomo la tchalitchi mpaka lero kamatchedwa ndi dzina lotanthauza nyumba ya zida, ndipo anthu amati amuna ankasiya zida zawo pamenepo asanalowe. M'Chipangano Chakale timamva kuti mfumu Davide sanaloledwe kumanga Nyumba ya Mulungu chifukwa anali munthu wa nkhondo wokhetsa magazi. Kwathu kuno, tikaona masamba pa msewu timadziwa kuti pali maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amachepetsa liwiro. Timadziwa kuti malo ena amafuna ulemu wapadera. Nyumba ya Mulungu ndi yoyamba mwa malo otere.

Tsono malangizo athu ndi awa: mkhristu wamba, ngakhale ali ndi chiphaso, asalowe ndi mfuti m'tchalitchi, ku mphakati, ku maliro, ku ukwati kapena ku sukulu. Apolisi ndi ena amene ali pa ntchito yoteteza anthu nkhani yawo ndi ina, popeza anaphunzitsidwa, ali ndi wowalamula ndipo amayankha kwa akuluakulu awo. Komabe ndi ulemu kuti adziwitse bambo mfumu kapena akuluakulu a mpingo.

7. ZIMENE TINAONA NDI MASO ATHU

Ena amati wopanda mfuti alibe mphamvu. Mbiri ya mzinda uno ikutsutsa zimenezi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Patapita masiku awiri, Ambuye James Chiona ndi aepiskopi anzawo anaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Limbe kukafunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko muno. Mu Meyi chaka chomwecho, pa zipolowe zimene zinatsatira sitalaka ya ogwira ntchito ku David Whitehead, anthu oposa 30 anafa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo. Mbali imodzi inali ndi mfuti zonse; mbali inayo inali ndi choona ndi umodzi. Mipingo ndi zipembedzo zina zinagwirana manja, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano. Palibe mkhristu amene anafunika kubisa pisitoli pansi pa benchi kuti zimenezi zitheke.

Anansi athu a ku Mozambique, amene mbendera yawo ili ndi chithunzi cha mfuti, khasu ndi buku, anatiphunzitsanso kanthu. Mu 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, potsata masomphenya a mneneri Yesaya pa mutu 2. Munthu akabweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri ankapanga nazo zinthu zokongoletsa. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti uli ku British Museum ku London. Anthu amene anailawa nkhondo ndiwo anatsogola kutaya zida.

8. NANGA TICHITE CHIYANI?

Sikokwanira kuuza munthu wamantha kuti asiye mfuti. Tiyenera kumupatsa china chogwira. Mutu umodzi susenza denga.

(a) Tidziwane ndi anansi athu. M'tauni ambiri sitidziwa ngakhale dzina la wa nyumba yoyandikana nayo. Mphakati uliwonse ukhale ndi ndondomeko yoitanizirana pa ngozi: wenzulo, foni, kumenya chitsulo.

(b) Tilowe m'magulu a chitetezo cha m'madera, amene anayamba m'dziko muno mu 1997 ndipo lamulo la apolisi la mu 2010 limawazindikira. Ntchito yawo ndi kulondera ndi kupereka woganiziridwa m'manja mwa apolisi, osati kumenya kapena kulipiritsa anthu.

(c) Tichepetse kuyenda ndi ndalama zambiri. Amalonda agwiritse ntchito banki, Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo asamayende njira imodzi nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

(d) Ku parishi, chopereka chiwerengedwe ndi anthu angapo m'chipinda chotseka, ndipo chisagone ku nyumba ya msungichuma kapena ya ansembe. Pa masiku a pepala Sande ndi zikondwerero zazikulu tipemphe apolisi kuti adzakhale nafe. Akalinde aphunzitsidwe kuyang'anira pakhomo, ndipo zitseko zonse zizitseguka mosavuta. Alonda athu tiziwalipira bwino ndi pa nthawi yake.

(e) Achifwamba akakupezani, moyo ndiwo woyamba. Ndalama zimabwera, katundu amagulidwa. Yang'anitsitsani zimene mungathe, ndipo mukanene ku polisi.

(f) Amene ali ndi mfuti ya chiphaso aisunge motsekera, yopanda zipolopolo, ndipo zipolopolozo azisunge padera, kutali ndi ana. Asaigwire atamwa mowa kapena atakwiya, asabwereke munthu. Ikasowa akanene msanga. Ngati m'nyumbamo muli nkhanza, matenda a maganizo kapena wina wolankhula zodzipha, mfutiyo ikasungidwe ku polisi.

(g) Mayi amene amaopsezedwa ndi mfuti ndi mwamuna wake asakhale chete. Auze ankhoswe ndi atsogoleri a mphakati, ndipo apite ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Imeneyi si nkhani ya m'banja yongopirira.

(h) Amene wapeza mfuti kapena bomba m'munda, m'denga kapena m'katundu wa malemu asaligwire, ndipo asakwere nalo minibasi. Adziwitse apolisi, ndipo ngati akuopa apite ndi amfumu kapena bambo mfumu. Mu 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa Seputembala kuti ukhale nthawi imene maiko azilimbikitsa anthu kupereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu.

(i) Tigwiritse ntchito ufulu wathu ngati nzika. Tifunse makhansala ndi aphungu athu za magetsi a m'misewu, za maofesi a polisi m'madera mwathu, za galimoto ndi mafuta a apolisi, ndi za ntchito za achinyamata. Apolisi akalakwa tidandaule m'njira zoyenera, popeza mfuti ya boma nayonso iyenera kuyankha ku lamulo. Sitinaiwale anthu 20 amene anafa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011.

Abale ndi alongo, palibe mwa ife amene angalonjeze mnzake kuti tsoka silidzamugwera. Koma tikhoza kusankha mtundu wa mzinda umene tidzasiyire ana athu. Tikafuna, udzakhala mzinda umene aliyense akukayikira thumba la mnzake. Tikafunanso, udzakhala mzinda umene kukuwa kwa mmodzi kumadzutsa mudzi wonse. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Zimene tamva lero tikazifikitse ku miphakati yathu. Ambuye atidalitse ndi kutisunga mu mtendere wake.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene zimatichititsa mantha kwambiri m'dera lathu lino? Nanga zimachitika nthawi yanji ndi malo ati?

2. Mkhristu mnzathu atatiuza kuti amabwera ndi mfuti ku tchalitchi, tingamulangize chiyani, ndipo tingamuthandize bwanji pa mantha ake?

3. Kodi chopereka cha pa tchalitchi pathu chimasungidwa motani? Pali chimene tingasinthe?

4. Kodi gulu la chitetezo la m'dera lathu likugwira ntchito motsata lamulo? Ndi angati mwa ife amene timatengako mbali?

5. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene mphakati wathu uchite mwezi uno kuti dera lathu likhale lotetezeka?